Okaphunzira ntchito ku France, werengani masiku musanagule tikiti

A Mkonzi,

Tithandizeni kufikitsa uthenga uwu kwa ophunzira a m'mayunivesite amene akufuna kukaphunzira ntchito m'mizinda yolankhula Chifalansa monga Paris, Lyon kapena Toulouse m'nyengo yotentha ya ku Ulaya, kuyambira June mpaka August, komanso kwa makolo amene amatulutsa ndalama za ulendowo. Ambiri akangolandira kalata yoti kampani yawavomera amathamangira kugula tikiti ya ndege. Tikiti iyenera kugulidwa pomalizira. Ulendo woterewu umatheka kapena kuwonongeka pa mapepala ndi pa kawerengedwe ka masiku, munthu asananyamuke n'komwe.

Ku France munthu saloledwa kuyamba kuphunzira ntchito popanda pepala la mgwirizano lotchedwa convention de stage. Amasainirana ndi a mbali zitatu: wophunzira, sukulu yake ndi kampani yomulandira. Malamulo a dzikolo, amene anakhwimitsidwa pa 10 July 2014, amafuna kuti kuphunzira ntchitoko kukhale mbali ya maphunziro a kusukulu. Choncho amene anamaliza kale digiri, dzina lake n'kuchoka m'kaundula wa sukulu, sangapeze pepalali. M'pepalamo mulembedwe tsiku loyambira ndi lomalizira, maola a pa sabata, ntchito imene mukagwire, ndalama imene muzikalandira, dzina la mphunzitsi wokuyang'anirani kusukulu ndi la wokuyang'anirani kuntchito. Chimene chimachedwetsa nthawi zambiri ndi siginecha ya kusukulu, chifukwa pepala limafika aphunzitsi atatanganidwa ndi mayeso. Yambani kulitsatira mu February kapena March, pakuti popanda ilo ngakhale viza simungapemphe.

Pali manambala awiri amene wophunzira aliyense ayenera kuwaloweza. Yoyamba ndi 308. Kampani imakakamizidwa kukulipirani pokhapokha ngati mwadutsa miyezi iwiri, ndipo miyezi iwiriyo amaiwerenga ngati masiku 44 a maola 7, amene ndi maola 308. Sabata ya ntchito ku France ndi maola 35. Mukagwira masabata 8, maola anu ndi 280, ndipo kampani ikhoza kusakupatsani kanthu osaphwanya lamulo lililonse. Mukagwira masabata 10, maola ndi 350, ndiye kuti muyenera kulipidwa kuyambira tsiku loyamba lenilenilo. Mu 2024 ndi 2025 ndalama yotsikitsitsa inali ma euro 4.35 pa ola, kutanthauza ma euro 670 kapena kucheperako pang'ono pa mwezi wa masiku 22 a ntchito. Ndalamayi imasinthasintha chaka chikamayamba, choncho funsani ya chaka chimene mukupitacho. Tikulangiza kuti kampani ikakuuzani masabata 8, muipemphe mwaulemu iwonjezere kufika 9 kapena 10. Ikakana, dziwiranitu kuti ulendo wonse mudzadzilipirira nokha.

Nambala yachiwiri ndi 90. Viza ya kanthawi kochepa ya Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya (France ili momwemo) ogwiritsa ntchito viza imodzi, imalola masiku 90 okha m'kati mwa masiku 180. June, July ndi August mukawaphatikiza ndi masiku 92, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa. Tsiku lofika ndi tsiku lonyamuka onse amawerengedwa, komanso masiku okacheza ku Belgium, Spain kapena Switzerland amachotsedwa pa 90 omwewo. Amene akufuna miyezi itatu yathunthu afunika viza ya nthawi yaitali, ndipo apo mgwirizano uja uyenera kuvomerezedwa kaye ndi boma la France. Kampani ndiyo imatumiza pempho limeneli kudakali miyezi iwiri ntchito isanayambe, ndipo wophunzira amasonyeza kuti ali ndi ndalama zokwanira mwezi uliwonse (mu 2025 zinali ma euro osachepera 615 pa mwezi). Njira yachidule ndi kukonza masabata 10 kapena 11, kusiya masiku angapo ofikira ndi olongedzera.

Viza ya kanthawi kochepa imalipiridwa ma euro 90 kuyambira June 2024. Pasipoti ikhale ndi masamba awiri osalembapo kanthu, ndipo ikhalebe ndi mphamvu miyezi itatu kudutsa tsiku lobwerera. Inshuwalansi ya zaumoyo ikhale yofika ma euro 30,000. Pempho mukhoza kulipereka kudakali miyezi 6. Yankho limatuluka m'masiku 15, koma likhoza kutenga masiku 45, ndipo May ndi June ndi miyezi imene anthu opempha amachuluka kwambiri.

Nyumba ndiyo imaliza anthu ambiri. Ku Paris, lendi ya kachipinda kamodzi ikhoza kumeza malipiro onse a mwezi. Eni nyumba amafuna garant, munthu wokhala ku France wolonjeza kulipira inu mukalephera, ndipo mlendo kawirikawiri sakhala naye. Yambirani ku zipinda za ophunzira za CROUS, bungwe la boma losamalira ophunzira, kapena ku Cité internationale universitaire de Paris, malo ogona ophunzira ochokera m'mayiko osiyanasiyana, chifukwa zina zimakhala zopanda anthu ophunzira akapita ku tchuthi. Funsaninso za mgwirizano wa lendi wotchedwa bail mobilité, umene unakhazikitsidwa mu 2018. Umakhala wa mwezi umodzi mpaka miyezi 10, ndi wa nyumba yokhala kale ndi katundu, ophunzira ntchito amaloledwa, ndipo mwini nyumba saloledwa kutenga dipoziti. Pa mgwirizano wamba wa nyumba ya katundu, dipoziti ikhoza kufika lendi ya miyezi iwiri, choncho kusiyana kwake si kwamasewera. Chipinda chochepera masikweya mita 9 musachilandire. Ndipo chonde, musatumize ndalama kwa munthu wa pa intaneti amene akuti ali kunja ndipo adzakutumizirani makiyi. Akuba amatenga zithunzi za nyumba za eni, n'kuika mtengo wotsika, podziwa kuti wophunzira wakutali sangapite kukaona.

Tsiku lolowa, inu ndi mwini nyumba mumayendera chipinda n'kulemba mmene chilili. Musachite manyazi pamenepo. Lembetsani ming'alu, madontho a pa matiresi, mpopi wodontha, ndipo jambulani zithunzi, chifukwa chilichonse chimene sichinalembedwe polowa adzati mwawononga ndinu. Lamulo limafunanso kuti wochita lendi akhale ndi inshuwalansi ya nyumba.

Chipinda chotsika mtengo ku Paris nthawi zambiri chimakhala chapamwamba penipeni, pansi pa denga la chitsulo, m'nyumba yopanda chikepe. Mu July ndi August mmenemo mumatentha ngati mu uvuni. Kutentha kwa kumeneko si nkhani yopepuka: mu August 2003 kunapha anthu pafupifupi 15,000 ku France. Nyumba zambiri zilibe makina oziziritsira mpweya. Tsekani mawindo ndi zotchingira dzuwa masana, mutsegule usiku, ndipo gulani fani mukangofika, chifukwa kutentha kukavuta amatha m'masitolo.

August ali ndi vuto linanso limene ophunzira salilingalira. Ndi mwezi umene anthu ambiri a ku France amapita ku tchuthi, ena masabata atatu otsatizana, ndipo makampani ena ang'onoang'ono amatsekeratu. Wophunzira amatsala mu ofesi yopanda anthu, wopanda womupatsa ntchito kapena womuwongolera. Musanasaine, funsani kuti wokuyang'anirani adzachoka liti ndipo adzakusiyani m'manja mwa ndani. Ngati mungasankhe, yambani kumayambiriro kwa June kuti mbali yaikulu ya ntchito ithe July asanathe. Pa 14 July ndi pa 15 August ndi masiku a tchuthi cha dziko lonse.

Malipiro amadutsa kubanki, ndipo kampani idzakupemphani RIB, kapepala kosonyeza nambala ya akaunti yanu. Banki nayo imafuna umboni wa kumene mukukhala. Zimenezi zimatenga nthawi, choncho nyamulani ndalama zokwanira masabata 6 oyambirira. Tikiti ya mwezi ya sitima ndi mabasi ku Paris, yotchedwa Navigo, inali ma euro 88.80 mu 2025, ndipo imayambira pa 1 mpaka kutha kwa mwezi, osati masiku 30 kuchokera tsiku logula. Mukafika pa 20, gulani ya sabata, imene imayenda Lolemba mpaka Lamlungu. Kampani iyenera kukubwezerani theka la mtengo wake, koma sungani malisiti. Mukadwala, dokotala wamba amalipiritsa ma euro 30, ndipo pangozi imbani 112.

Za chilankhulo tinene mosabisa. Ngakhale kampani itati ntchito imayenda m'Chingelezi, nkhani za pa chakudya chamasana, zimene munthu amaphunziramo zambiri, zimakambidwa m'Chifalansa. Amene wafika pa mlingo wapakati wa Chifalansa, wotchedwa B1, amatha kutsatira, pomwe wa mlingo wotsikirapo wa A2 amangokhala chete miyezi yonseyo. Perekani moni wa bonjour polowa musitolo, mu ofesi kapena pofunsa njira, chifukwa kuyamba ndi funso opanda moni kumaoneka ngati mwano. Akuluakulu ndi anthu osawadziwa muziwatchula vous, mawu aulemu otanthauza inu, kufikira iwo eni atakuuzani kuti musinthe. Yesererani kumva manambala a pakati pa 70 ndi 99 akamatchulidwa mofulumira, pakuti mitengo ndi manambala a foni zimasokoneza pamenepo.

Amene akuyang'ana ku Geneva adziwe kuti zonse tanenazi za maola 308 sizigwira ntchito kumeneko. Ndi dziko la Switzerland, ndalama yake ndi franc, moyo ndi wodula kuposa wa ku Paris, ndipo malo ambiri ophunzirira ntchito ku United Nations salipira. Mu 2015 mnyamata wina wa ku New Zealand amene ankaphunzira ntchito kumeneko anapezeka akugona mu tenti m'mphepete mwa nyanja, ndipo nkhaniyo inamveka dziko lonse.

Sabata yomaliza, musachoke opanda attestation de stage, kalata ya kampani yosonyeza masiku amene mwagwira ndi ndalama zimene mwalandira. Ndi yovuta kuipeza mutabwerera, makamaka ngati wosainayo ali ku tchuthi. Ngati munalipira dipoziti, mwini nyumba ali ndi mwezi umodzi woti aibweze ngati chipinda chili mmene munachipezera, kapena miyezi iwiri ngati pali zowonongeka. Choncho akaunti ya kubanki musaitseke mpaka ndalamayo italowa.

Ndife,
Owerenga nyuzipepala yanu