Tisapupulume kugula makina a magemu otchedwa Pro

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko pa nkhani imene ena angaiyese yachibwana, pamene ikudya ndalama zambiri za makolo ndi achinyamata, makamaka a m'tauni ndi amene ali ndi abale kunja. Ndikunena za makina osewerera magemu, awa a PlayStation, Xbox ndi Nintendo, ndi chizolowezi chimene makampani ena anayamba chotulutsa makina owonjezera mphamvu oyamba aja asanakalambe n'komwe. Ine ndili ndi kachipinda kosewerera magemu kuno ku Blantyre, kumene anyamata amalipira kuti amenye mpira wa pa kanema, ndipo pa zaka zimene ndakhala pa ntchitoyi makina a makampani onse atatu adutsa m'manja mwanga. Funso limene ndikufunsidwa kawirikawiri masiku ano ndi lakuti, kodi munthu amene ali kale ndi PlayStation 5 aigulitse kuti agule PlayStation 5 Pro? Ndimayankha kuti ayi, kupatula anthu owerengeka kwambiri, ndipo ndikufuna kufotokoza chifukwa chake.

Kale, wogula makina oterewa ankadziwa kuti wagula mtendere wa zaka zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri. PlayStation 2 inatuluka mu 2000, PlayStation 3 mu 2006, PlayStation 4 mu 2013 ndipo PlayStation 5 mu 2020. Pakati pa zaka zimenezi kampani inkatha kutulutsa makina omwewo atachepetsedwa thupi, aja timawatcha Slim, koma mphamvu yake inali yomweyo, kotero kuti amene anagula poyamba ndi amene anagula mochedwa ankaona gemu yofanana. Apa ndi pamene panagona kusiyana kwa makinawa ndi kompyuta, imene mwiniwake amangokhalira kusintha zipangizo zamkati kuti asatsalire.

Zinthu zinasintha mu November 2016, pamene Sony inatulutsa PlayStation 4 Pro pa mtengo wa madola 399, ndipo chaka chotsatira Microsoft inayankha ndi Xbox One X pa madola 499. Nthawi imeneyo panali chifukwa chomveka. Ma TV a 4K anali atayamba kutsika mtengo ndi kulowa m'nyumba zambiri ku America ndi ku Ulaya, pamene makina a 2013 anapangidwira ma TV a 1080p, amene timadontho topanga chithunzi chake ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a timadontho ta 4K. Amene ankatsogolera nthambi ya PlayStation pa nthawiyo, a Andrew House, sanabise kuti cholinga china chinali kuletsa osewera okonda zithunzi zakuthwa kusamukira ku kompyuta makina akafika pakati pa moyo wake. Mawu amenewa tiwasunge, chifukwa akutiuza amene makina a Pro anapangidwira. Anapangidwira munthu amene ali kale ndi TV yodula, amene diso lake limaona kusiyana kwakung'ono, ndiponso amene akanatha kugula kompyuta yamphamvu akanafuna.

PlayStation 5 Pro inatuluka pa 7 November 2024 pa mtengo wa madola 699, pamene PlayStation 5 yokhala ndi polowetsa chimbale inayamba ndi madola 499. Chimene chinakula kwenikweni ndi kachipangizo kojambula zithunzi, kamene Sony inati kamathamanga mpaka 45 peresenti kuposa kakale, pamodzi ndi malo osungira magemu amene anafika pa 2TB. Anaikamonso luso lotchedwa PSSR, limene limatenga chithunzi cha timadontho tochepa n'kuchidzaza mochenjera kuti chioneke ngati cha 4K. Purosesa, imene imayendetsa zochitika zonse za m'gemu, inatsala ya mtundu womwewo wa Zen 2. Polengeza makinawa, a Mark Cerny, amene amatsogolera kapangidwe ka PlayStation, anafotokoza kuti magemu ambiri amapatsa wosewera mwayi wosankha pakati pa chithunzi chokongola kwambiri chimene chimasintha maulendo 30 pa sekondi ndi chithunzi chofewerako chimene chimasintha maulendo 60, ndipo anati osewera atatu mwa anayi alionse amasankha chothamangacho. Ntchito ya Pro ndiyo kuchotsa kusankha kumeneku kuti munthu apeze zonse ziwiri nthawi imodzi. Ndi ntchito yabwino, sindikukana, koma palibe gemu ngakhale imodzi imene imasewereka pa Pro n'kukana pa PlayStation 5 wamba.

Izi ndinaziona ndi maso mu tchuthi cha Khirisimasi, pamene mphwanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anabwera ndi Pro yake, atainyamula m'chikwama cha m'manja ngati khanda. Anali atagulitsa PlayStation 5 yake motchipa kuti aonjezere pa mtengo wa yatsopanoyo. Tinailumikiza pa imodzi mwa ma TV a m'kachipinda kanga, ya mainchesi 32 ndiponso ya 1080p, pafupi ndi ina imene inali pa makina wamba, ndipo tinaika mpira womwewo mbali zonse ziwiri. Ndinaitana anyamata amene amasewera tsiku lililonse, amene amadziwa ngakhale padi imene batani lake layamba kulimba, n'kuwafunsa kuti aloze makina odulawo. Anasuzumira, ena mpaka kufika mphuno pagalasi, ndipo anagawikana pakati ngati akuchita maere. Mmodzi analoza TV ya makina wamba chifukwa chakuti udzu unkaoneka wobiriwira kwambiri, osadziwa kuti ndine ndinakweza mtundu pa TV imeneyo kalekale.

Kenaka mnyamata wina anatulutsa chimbale cha gemu ya nkhonya m'thumba kuti tiyese, n'kuyamba kupapasa makinawo kutsogolo, kumbali ndi kumbuyo kufuna polowetsa. Palibe. Pro imagulitsidwa yopanda polowetsa chimbale, ndipo wofuna kachipangizoko amagula padera (mu 2024 mtengo wake unali madola 79), komanso pokalumikiza koyamba pamafunika intaneti. Kampani inanena zimenezi poyera kuyambira tsiku lolengeza, choncho wolakwa anali mphwanga amene anatengeka ndi dzina osawerenga bokosi. Komabe kwa ife kuno nkhani ya chimbale si yaing'ono. Magemu akuluakulu a masiku ano ena amapitirira 100GB, ndipo aliyense wogula bandulo akudziwa tanthauzo la nambala imeneyo. Chimbale chimabwerekedwa, chimasinthanitsidwa, chimagulitsidwa ukatopa nacho, ndipo ambiri a ife magemu timawapeza ogwiritsidwapo kale ntchito kuchokera ku South Africa, Dubai kapena Britain. Gemu yogula pa intaneti imamatirira pa akaunti yako ndipo sungaigulitse kwa mnzako. Tikaonjezera kusowa kwa ndalama zakunja ndi kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo umene ku America amangodandaula nawo kuno umasanduka ndalama yolipirira mwana sukulu.

Ndisamveke ngati ndikunena kuti makina owonjezera mphamvu ndi chinyengo. Munthu amene ali ndi TV yaikulu ya 4K, amene amakhala pafupi nayo, amene amasewera magemu olemera zithunzi ndipo sanagulepo PlayStation 5, akhoza kugula Pro n'kusangalala nayo. Nkhawa yanga ili pa lamulo limene limateteza ife otsala, loti gemu iliyonse iyende bwino pa makina wamba. Mbiri ikusonyeza kuti lamuloli likafooka, wovutika ndi amene anagula poyamba. Mu 1994 kampani ya Sega inatulutsa 32X, chipangizo chosomeka pa makina ake a Mega Drive chokhala ndi magemu akeake, ndipo inachisiya posakhalitsa chifukwa makina ake atsopano a Saturn anali atafika kale, ogula n'kutsala ndi chinthu cha magemu ochepa. Nintendo 64 inali ndi Expansion Pak yowonjezera memore kuchoka pa 4MB kufika pa 8MB, ndipo gemu ya Donkey Kong 64 sinkayenda popanda iyo. Pambuyo pake New Nintendo 3DS inabwera ndi magemu angapo, monga Xenoblade Chronicles 3D, amene 3DS yakale inkawakana.

Chitsanzo chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi cha December 2020, pamene gemu ya Cyberpunk 2077 inatuluka. Pa mapepala gemuyi inali ya PlayStation 4 iliyonse ndi Xbox One iliyonse, koma pa makina a 2013 inkadukaduka ndi kuzima, pamene pa PlayStation 4 Pro ndi Xbox One X inkayendako bwino. Sony inaichotsa m'sitolo yake ya pa intaneti mpaka June 2021 ndipo ogula anabwezeredwa ndalama. Palibe amene analengeza kuti makina akale atayidwa, koma zotsatira zake zinali ngati zomwezo. Mbali inanso ya nkhaniyi inaoneka mu 2023, pamene gemu ya Baldur's Gate 3 inachedwa kufika pa Xbox chifukwa opanga ake ankavutika kuti anthu awiri azisewera pa TV imodzi pa Series S, makina ang'ono a Xbox amene anatuluka pa madola 299, amene memore yake ndi 10GB poyerekeza ndi 16GB ya makina aakulu a Series X. Ena anadzudzula Series S kuti ikubweza anzake m'mbuyo. Ine ndinaona mosiyana, chifukwa kampani ikaumiriza opanga magemu kuganizira makina otchipa, ndiye kuti ikuganizira ogula onga ife.

Tsopano pa nkhani ya kukhala ndi makina angapo. Ngati munthu ali ndi ndalama yogulira makina achiwiri, nzeru ndi kugula a banja lina kusiyana ndi kugula omwewo ovala jekete yatsopano. Amene ali ndi PlayStation 5 akagula Switch ya Nintendo amapeza Mario ndi Zelda, magemu amene Nintendo siwapereka ku makina a makampani ena, komanso amapeza makina okhala ndi batire, amene magetsi akazima amangowanyamula m'manja n'kupitiriza. PlayStation 5 imadya mawati pafupifupi 200 gemu ikakhala yolemera, ndipo amene amadalira sola kapena inveta yaing'ono akudziwa kuti batire silichedwa kulira. Koma kukhala ndi PlayStation pamodzi ndi Xbox sikupindulitsanso monga kale. Kuyambira 2024 Microsoft yakhala ikupereka magemu ake ku PlayStation, monga Sea of Thieves, ndipo mu 2025 Forza Horizon 5 inatsatira, pamene Sony nayo inatulutsa God of War ndi magemu ena pa kompyuta. Mpanda umene unkakakamiza anthu kugula makina awiriwa ukugwa wokha.

Palinso ndalama zobisika zimene wogula makina achiwiri saziwerengera. Padi ya banja lina siigwira ku banja linzake, ndipo ngakhale padi ya PlayStation 4 siiseweretsa magemu opangidwira PlayStation 5. Kusewera ndi anthu ena pa intaneti, kupatula pa magemu aulere, kumafuna kulipira mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka, ndipo kampani iliyonse ili ndi chikwama chake: PlayStation Plus, Game Pass ndi Nintendo Switch Online. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ndaona anthu ali ndi makina atatu pansi pa TV, awiri atafundidwa nsalu chifukwa cha fumbi, mwiniwake akusewera gemu imodzi yomweyo ya mpira chaka chonse. Ine makina angapo ndili nawo chifukwa ndi makasu anga olimira, ndipo ngakhale zili choncho, amene amandibweretsera ndalama zambiri ndi ma PlayStation 4 akale, poti gemu ya mpira ya EA Sports FC 25 inatulukanso pa makina amenewa patapita zaka khumi ndi chimodzi chiyambireni kugulitsidwa.

Makolo amene ana akukukakamizani, ndiponso abale a kunja amene mumafunsidwa kuti mutumize Pro, yambani mwafunsa kuti TV ya kunyumba ndi ya mtundu wanji, kuti magemu adzachokera pa chimbale kapena pa intaneti, ndiponso kuti ndi gemu iti imene mwanayo akulephera kusewera pa makina amene ali nawo. Pa funso lomalizali, ngati ali ndi PlayStation 5, sadzatchula ngakhale imodzi. Ngati ali ndi PlayStation 4 ndipo akufuna magemu amene satulukanso pa makina akalewo, PlayStation 5 wamba yokhala ndi polowetsa chimbale imukwanira, ndipo idzaseweretsa pafupifupi zimbale zonse zimene anasonkhanitsa kale.

Mphwanga anabwerera ku Johannesburg ndi Pro yake, ndipo atafika anagula polowetsa chimbale paja, kenaka anayamba kusunga ndalama ya TV ya 4K, imene sinali m'maganizo mwake pamene ankagulitsa makina oyamba. Ine ndalama imene ndinkasunga poganiza zogula Pro ndinagulira mapadi anayi ndi batire lalikulu la inveta, ndipo Loweruka lapitali magetsi atazima masana, mpikisano wa anyamata unafika kumapeto osaima.

Ine wowerenga wanu,
Mwini kachipinda ka magemu, Blantyre