Kuchigwa cha Shire tipatseni mbewu zopirira ng'amba

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu za momwe dera lathu la kuchigwa cha Shire, lomwe ndi louma kale, likuumirabe chaka ndi chaka. Ine ndinabadwira ku Ngabu m'boma la Chikwawa, ndipo ngakhale kutentha si kwachilendo kwa ife, zaka zino zinthu zafika posauzana.

Mvula yobzalira imachedwa, ndipo ikabwera imagwa yamphamvu masiku awiri, madzi n'kuthamangira ku Shire osalowa pansi, kenako pamadza ng'amba ya milungu itatu chimanga chili m'mawondo. Akatswiri a zanyengo amafotokoza kuti dziko likamatentha, chinyezi chimachoka m'nthaka mofulumira, kotero kuti mvula yomwe inkakwanira kale lero siikwanira. Izi timaziona ndi maso athu pamene amayi akukumba mchenga wa mumtsinje wouma mpaka m'chiuno, n'kumadikira kuti timadzi tituluke, atunge ndi chikho. Namondwe wa Freddy atatikokolola m'mwezi wa Marichi 2023, chaka chotsatira ng'amba yodza ndi nyengo ya El Niño inawotcha minda, ndipo Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 agwa m'ngozi.

Chomwe chimandidabwitsa n'chakuti ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo yakhala ikuika mtima pa chimanga, ngati kuti Nsanje ndi Dedza zimalandira mvula yofanana. Agogo anga ankalima mapira ndi mchewere, ndipo chaka chomwe chimanga chinkafota, nkhokwe yawo sinkakhala yopanda kanthu. Ndikudziwa kuti mpheta zimavuta m'munda wa mapira, inenso ndinakulira pansanja ndikuziingitsa, koma mbalame zimasiyako ngala zina, pomwe dzuwa likagwira chimanga pa nthawi yomasula silisiya kalikonse.

Tikuyembekezera ngalande yaikulu ya ulimi wamthirira yochokera ku Kapichira, koma si minda yonse yomwe madzi ake adzafikeko. Choncho ndikupempha Unduna wa Zaulimi kuti mbewu ya mapira ocha msanga, mchewere ndi khobwe izifika m'misika yathu mwezi wa Okutobala usanathe, komanso kuti pakhale ogula zokololazi pamtengo wabwino, chifukwa mlimi sangalime chochuluka chomwe alibe kogulitsa.

Mlimi wodandaula,
Ngabu, Chikwawa