Lipoti la msonkhano wokambirana mbiri ya maulendo a ku Joni ndi ku Harare

A Wapampando, mafumu athu, abambo amene munagwirapo ntchito ku migodi ndi amayi amene amuna anu anatsikira kuli chete, ndabwerako ku Lilongwe kumene munandituma. Lipotili ndalilemba kuti anzathu a ku Chamama, ku Santhe ndi ku Nkhamenya amene sadzafika pabwalo awerenge pa foni za ana awo.

Funso limene munandipatsa linali limodzi: ndalama zathu za ku migodi ya ku Joni (South Africa) zili pati? Ndinene poyambirira pomwe kuti sindinabwere ndi tsiku lolandirira. Msonkhanowu unali wa mbiri, ndipo oyankhula ambiri anali aphunzitsi a ku yunivesite, abusa ndi a mabungwe oona za anthu apantchito. Komabe za ndalama ndinafunsa, ndipo zimene ndinamva zili m'munsimu.

Oyankhula anayamba ndi chimene chinachotsa makolo athu pakhomo. Boma la atsamunda litakhazikitsa msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890, linkafuna makamaka ndalama, pamene kuno ku chigawo chapakati ndi kumpoto ntchito yolipidwa inali yosowa. Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za ku migodi ya ku Joni, inayamba kulemba anthu, koma mu 1913 boma la South Africa linaletsa kutenga anthu a maiko otentha ngati lathu chifukwa ankafa kwambiri ndi chibayo. Chiletsocho sichinatseke njira. Anthu ankapitabe wapansi, paselefu (paokha, osadzera kwa olemba ntchito), ndipo mmodzi mwa iwo anali mnyamata wa konkuno ku Kasungu, Kamuzu Banda, amene anachoka cha m'ma 1915, anagwira ntchito pachipatala ku Hartley m'dziko la Rhodesia (Zimbabwe ya lero), kenako pamgodi kufupi ndi Johannesburg, n'kudzabwera mu 1958. Komiti imene boma la Nyasaland linaika mu 1935 inapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko. Wenela itabwerera, ndi bungwe lina lolemba anthu ntchito lotchedwa Mthandizi likutengera ena ku mafamu a Rhodesia, chiwerengero chinangokwera, moti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi a m'migodi ya South Africa yokha anaposa 100,000. Zotsatira mukuzidziwa kuposa ine. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha anthu oposa 70, Kamuzu anaimitsa ulendo, Theba, bungwe limene linalowa m'malo mwa Wenela, inadzayamba mu 1977, ndipo zonse zinatha mu 1988 pa mkangano wa kuyeza HIV.

Pamene panatentha ndi pa funso lakuti mudzi unapindula kapena unaluza. Bambo wina wachikulire wa ku Mzimba anawerenga zimene anabwera nazo: njinga, makina osokera, malata, ng'ombe ziwiri, ndi fizi imene inaphunzitsa mng'ono wake mpaka kukhala mphunzitsi. Palibe anamutsutsa, ndipo ambiri a ife nyumba zathu zoyamba za malata zinachokera komweko. Koma mayi wina ataimirira anafunsa kuti nthawi imene amuna ankakumba golide, ankaswa mphanje ndani, ankafolera nyumba ndani, ankathamangitsidwa ndi amesenjala a msonkho ndani. Mphunzitsi wa mbiri anagwirizana naye. Anati mgodi unkalipira munthu ngati mbeta, kumugoneka m'komboni ya amuna okhaokha, chifukwa unkadziwa kuti mkazi ndi ana akudya za m'munda kwawo. Munthuyo akayamba kutsokomola ankamukweza ndege kapena sitima, ndipo womudwazika mpaka kumuika m'manda anali mudzi. Ine ndikuona kuti mayiyo ndi amene analasa. Tikamawerengera phindu la ku Joni timaiwala kuti theka la ntchitoyo linkagwiridwa kuno ndi anthu amene dzina lawo silinalembedwe m'buku lililonse la Wenela.

Mphunzitsi uja anatchulanso kafukufuku wa mu 1942 wa Margaret Read, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, amene ananena kuti midzi ya Angoni inkapirira bwino amuna akachoka kusiyana ndi midzi ya Achewa ya chikamwini, poti kwa Angoni mkazi ankatsala m'manja mwa abale a mwamuna. Apa ndinakweza dzanja. Ndinati kwathu mkazi amatsala pamunda wa amayi ake, pakati pa alongo ake, ndipo mtchona akapanda kubwera ana sasowa mbumba. Chimene chinkatha msanga ndi ukwati, koma mudzi unkakhalapo. Ena anaseka, ena anavomera, nkhaniyo n'kuthera pomwepo.

Za maiko amene ankatilandira anazikamba mwachidule, koma zinandikhudza. Anthu athu sanangosiya thukuta. Ku Zimbabwe gule wamkulu amavinidwa m'mafamu ndi m'migodi mpaka lero, mizikiti yambiri ya kumeneko inayambidwa ndi Ayao, ndipo Sinodi ya Harare ya CCAP inabadwa kuchokera ku ntchito ya a Nkhoma amene anatsatira akhristu awo. Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay ndi amene anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Koma zidzukulu za matchona zinaona zakuda mafamu atalandidwa kuyambira mu 2000. Ntchito inatha, nyumba za pafamu zinapita, ndipo lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri opanda dziko mpaka malamulo atsopano a 2013. Ena a iwo sadziwa ngakhale dzina la mudzi wa agogo awo.

Tsono pali mfundo imene sindinaiyembekezere, ndipo ndikupempha kuti tiikambirane mosapsa mtima. Nthumwi ya ku Phalombe inatiloza ife a Kasungu ndi Mchinji. Inati inu mumadandaula za Joni, koma kwa ife Joni ndi kwanuko. Ulendo wa ku migodi utaima mu 1974, ma esiteti a fodya anali akukula kuno, ndipo manja ambiri amene anathyola ndi kusoka fodyayo anachokera ku Mulanje, Thyolo, Phalombe ndi Mangochi, kumene malo anachepa kalekale. Matenanti ankatengedwa pa lole, kupatsidwa chimanga pangongole, n'kudikira kuti fodya agulitsidwe ku okushoni, ndipo bwana akachotsera zonse ena ankatsala opanda ngakhale ya thiransipoti. Ana awo anabadwira kuno, amayankhula ngati ife, koma pa nkhani ya malo timawatchulabe obwera. Lamulo la ntchito linasinthidwa mu 2021 n'kuthetsa utenanti, koma aliyense wa ife akudziwa zimene zikuchitikabe m'minda ina. Ndinalibe choyankha, chifukwa ena mwa ife ndalama za Theba zomwezo ndi zimene tinatsegulira minda ya fodya n'kulemba matenanti. Mbuzi ikalawa zamchere sileka, ndipo zikuoneka kuti ife tinaphunzira bwino kwa mabwana athu.

Za ndalama tsopano. Tisasokoneze zinthu ziwiri. Ndalama za penshoni kapena zimene zinkasungidwa pa dzina la munthu ndi nkhani ina, ndipo chipukutamisozi cha matenda ndi nkhani inanso. Pa za matenda, makampani asanu ndi limodzi a golide, kuphatikizapo Anglo American, AngloGold Ashanti, Gold Fields ndi Harmony, anagwirizana mu 2018 kupereka 5 biliyoni randi, ndipo ndalamazo zimayendetsedwa ndi bungwe lotchedwa Tshiamiso Trust. Zimakhudza amene anagwira m'migodi ya makampaniwo pakati pa 1965 ndi 2019 ndipo anapezeka ndi matenda a fumbi la m'mapapo kapena TB yochokera kuntchito. Ngati mwini wake anamwalira, mkazi kapena ana angathe kufunsa. Sikuti aliyense amene anatsika mgodi adzalandira ayi, pamafunika umboni wa ntchito ndi wa chipatala. Kulembetsa ndi kwaulere, choncho munthu akabwera m'mudzi n'kumatolera ndalama kuti akufulumizitsireni, mukanene kwa amfumu.

Ndinalonjeza m'dzina lanu kuti gulu lathu lilemba kaundula wake. Pa msonkhano wathu wotsatira aliyense abwere ndi chiphaso cha Wenela kapena Theba, nambala ya ku mgodi, dzina la mgodi ndi zaka zimene anagwira, ndiponso mapepala a chipatala ngati alipo. Amayi amasiye mubwere ndi kalata ya imfa kapena ya amfumu. Mapepala enieni musapereke kwa wina aliyense, tidzangowajambula n'kukubwezerani pomwepo. Ndikupemphanso a Wapampando kuti pa ndandanda wa zokambirana aikepo nkhani ya mabanja a matenanti akale, ndipo tiitane awiri kapena atatu mwa iwo adzayankhule okha. Malisiti a ndalama ya ulendo imene munasonkha ndapereka kwa msungichuma.