Kalata kwa makolo: kusintha kwa makalasi a Physics a Fomu 4

Okondedwa makolo,

Kuyambira mwezi wamawa makalasi a Physics a madzulo atha. Ana a Fomu 4 azibwera Loweruka lokha, 8 mpaka 11 koloko m'mawa.

Sindinafune kuti zifike apa. Mwininyumba wakwezanso lendi, ndipo titadandaula anangotenga chipinda chathu chachiwiri n'kupatsa wogulitsa kaunjika. Magetsi amazima nthawi yeniyeni imene ana akhala pansi, ndipo kuti jenereta ilire ndimayenera kukatandala pamzere wa petulo. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ogulitsa zipangizo apezerapo mwayi: mabatire, mawaya ndi ma ammeter (zida zoyezera magetsi) akuuzani mtengo m'mawa, pofika masana wasintha. Malipiro a aphunzitsi akhala akuchokera m'thumba langa, banja langa likuvutika. Izi sizikanapitirira.

Ndiye silabasi yonse sitingaimalize mayeso a MANEB asanafike, ndipo sindilola kuti tiithamangitse ana n'kutuluka opanda kanthu m'mutu. Tagwirizana ndi aphunzitsi kuti tigwire mitu yochepa imene inayo imatsamirapo.

Tiyamba ndi kuyeza, mayunitsi, kujambula graph ndi kutembenuza formula, chifukwa apa ndi pamene ana ambiri amataya malikisi, makamaka pa practical. Kenako malamulo atatu a Newton ofotokoza kayendedwe ka zinthu. Mwana amene wamvetsa lamulo lachiwiri, F = ma (force, mphamvu yokankha kapena kukoka, ndi mass kuichulukitsa ndi acceleration), savutika ndi pressure, poti ndi force yomweyo kuigawa ndi area, ngakhalenso moments, poti ndi force kuichulukitsa ndi mtunda. Tikhalitsa pa work, energy ndi power mpaka aliyense amvetse kuti energy siitayika, imangosintha mtundu. Pa magetsi tigwira V = IR (voltage ndi current kuichulukitsa ndi resistance) ndi kulumikiza mawaya mu series ndi parallel, aliyense ndi manja ake. Waves tingodutsapo Loweruka limodzi.

Nuclear physics ndi electronics tiwapatsa manotsi akawerenge kunyumba. Chondiwawa kwambiri n'chakuti electromagnetic induction nayo yatsala. Mutu umenewu ndi umene umafotokoza mmene madzi a Shire amapangira magetsi ku Nkula ndi ku Tedzani, ndipo ana amaukonda zedi. Nthawi ikapezeka tidzaugwira.

Fizi sitikweza, koma kutsitsa sitingathe.

Ndikudziwa kuti pali malo ena kumene mungatumize ana anu, ndipo ena mwa inu mwayamba kale kufunsa. Mwakhala nafe pa nthawi zovuta, ena munatipatsa ana anu oyamba, lero mwatipatsanso ang'ono awo. Zikomo kwambiri. Chonde musanachotse mwana, bwerani Loweruka tidzakambirane maso ndi maso. Mwana aliyense azibwera ndi calculator, rula ndi graph paper, poti ife sitikwanitsanso kugula.

Ine wanu,
Mwini sukulu