Kwa a kampani amene munadzala kapinga pakhomo panga ku Area 49, Lilongwe

Ndalemba poyera pano chifukwa foni ya ku ofesi kwanu imangoitana osayankhidwa, ndipo pa WhatsApp mauthenga anga mumawerenga n'kukhala chete. Ndinakudziwani kudzera pa tsamba lanu lomwe lino la Facebook, pomwe mumaika zithunzi za mabwalo obiriwira a anthu ena, choncho mwina pompano mundimva.

Tinagwirizana zinthu zinayi, ndipo zili pa kotesheni yomwe munasainira: kukonza malo n'kupha udzu wonse umene unalipo, kubweretsa dothi labwino lapamwamba, kudzala kapinga wa mtundu wa Kikuyu kumene kumawomba dzuwa ndi wa mtundu wa LM pansi pa mitengo ya mango, kenako kumabwera kudzayendera mpaka kapingayo atagwira. Ndalama ndinalipira zonse ntchito isanathe, chifukwa a foromani anu anati anyamata akufuna malipiro. Risiti ndili nayo.

Mvula itangoyamba mu December, chimene chamera pabwalo panga ndi dawe. Kutsogolo konse, kuyambira pageti mpaka pakhonde, ndi dawe yekhayekha, ndipo Kikuyu amene munadzala m'mizere uja akuchita kusowa. M'mbali mwa mpanda mwadzaza khovani. Pansi pa mango pali chisoso, bonongwe ndi mwamunaaligone. Bonongweyo apongozi anga amathyola n'kuphika, ndiye tinene kuti phindu limene ndapeza pa ndalama zanga mpaka pano ndi ndiwo.

A foromani anu atabwera anangoima pageti, manja m'thumba, n'kunena kuti vuto ndi ine, ndimathirira madzi ambiri. Bambo, mvula ikugwa tsiku ndi tsiku, ine ndithirirenso chiyani? M'miyezi yotentha ija ndinkathirira m'mawa ndi madzulo monga munandiuzira inu nomwe, ndipo bilu ya madzi ndinailipira ndekha osadandaula. Koma ngakhale nditathirira mopitirira, madzi sabereka dawe. Madzi amadzutsa chimene chili kale m'dothi. Funso langa ndi lakuti chinalowamo bwanji.

Pulotiyi ndi ya dothi lofiira, la katondo, ndipo nthawi yonse imene tinkamanga sindinaonepo dawe pamenepa. Dothi limene munabweretsa pa matipa linali lakuda, lomata, la kudambo. Anyamata anu omwe anandiuza akutsitsa kuti alikumba kudambo. Aliyense amene analimapo dimba amadziwa kuti dawe kwawo ndi kumeneko. Sachulukana ndi njere zokha ayi. Pansi amakhala ndi timbatata ting'onoting'ono tolumikizana ndi timizu, ndipo timbatata timeneti timatha kukhala m'dothi louma nthawi yaitali osafa. Mukanyamula dothi la kudambo osalisefa, mwanyamula ndi mbewu yake yomwe. Ndakumba malo angapo pabwalopa, ndipo timbatatato tili m'dothi lanu lakuda lija, pamwamba pa katondo wanga. Zithunzi ndaika m'munsimu, onani nokha pamene dothi lakuda likulekezera.

Manyowa nawonso munabweretsa ndowe za ng'ombe zosawola, zina zikadali zaziwisi. Njere za udzu zimadutsa m'mimba mwa ng'ombe zili zamoyo, ndipo zimafa pokhapokha mulu wa manyowa ukatentha n'kuwolerana bwinobwino. Bonongwe wamera ndendende m'malo amene munathira ndowezo mochuluka.

Chimene chikundipweteka kwambiri ndi chakuti ntchito yoyamba pa kotesheni ija, yopha udzu musanadzale, simunaichite konse. Anthu odziwa ntchitoyi amasalaza dothi, n'kulithirira kuti zonse zobisala zimere, kenako n'kupopera mankhwala opha udzu a glyphosate, amene ambiri timangoti Roundup, udzuwo uli wobiriwira ndiponso ukukula. Amadikira sabata imodzi kapena ziwiri kuti mankhwala atsike mpaka kumizu, ndipo pamalo a dawe amabwerezanso kachiwiri asanadzale. Inu munatsitsa dothi lero, mawa lake mwadzala, n'kuwaza urea pamwamba. Fetelezayo anadyetsa dawe, poti ndiye amene anali ndi chakudya kale pansi pomwe Kikuyu anali asanagwire n'komwe.

Ndiye tsopano mwanditumizira mnyamata ndi sipuleya kumsana, atanyamula mankhwala m'botolo la madzi akumwa lopanda chizindikiro chilichonse. Nditamufunsa anati ndi Roundup, abwana ati apopere bwalo lonse. Ndinamubweza, ndipo ndikufuna mudziwe chifukwa chake, musamauze anthu kuti kasitomala anakana thandizo. Glyphosate sasankha. Amapha chilichonse chobiriwira chimene wachikhudza, ndipo kapinga wanthete ngati ameneyu ndiye angayambe kufa. Dawe angapse masamba, koma timbatata tina tomwe sitinaphuke tingadzamerenso pabwalo lopanda kanthu. Kumeneko ndi kuotcha nyumba pofuna kupha khoswe. Komanso mwanayo munamutumiza opanda magolovesi, opanda chophimba kumphuno, atavala masilipasi. Pakhomo pano pali ana ang'ono ndi nkhuku. Mankhwala ogulitsidwa m'dziko muno amayenera kukhala ovomerezedwa ndi a bungwe la boma loyang'anira mankhwala otere la Pesticides Control Board ndipo amakhala m'botolo lake lolembedwa kagwiritsidwe ntchito kake. Za m'botolo la madzi akumwa pakhomo panga ayi.

Mnzanu wina wa ku ofesi, tsiku limene anayankha foni, anati ndingogula 2,4-D ndipopere ndekha. Mankhwala amenewo amagwira za masamba otambalala monga chisoso ndi bonongwe, koma dawe samumaliza, chifukwa dawe ndi wa mtundu wina. Mukamugwira tsinde mumamva ngodya zitatu. Ali ndi mankhwala akeake, monga halosulfuron, ndipo nawonso amafuna kubwereza. Chinanso, LM ndi kapinga wosachedwa kupsa ndi mankhwala, ndipo kapinga wongodzalidwa kumene sapoperedwa mpaka atagwira mizu n'kutchetchedwa kangapo. Izi ndi zimene inu munayenera kundiuza ine. N'zomvetsa chisoni kuti ndine ndikukuuzani, munthu amene ntchito yanga ndi ya m'kalasi.

Pakadali pano tikulimbana nazo ndi manja. Chisoso ndi bonongwe n'zosavuta, timazula dothi likafewa, zisanachite maluwa. Khovani ndiye wovuta, kachidutswa kalikonse kotsala pansi kamatulutsa mizu pamfundo, moti mnyamata amene amandithandiza pabwalo amachita kuwolera n'kukataya kunja, chifukwa akasiya mulu pompo umagwiranso. Dawe ukamukoka amaduka pamwamba, timbatata n'kutsala, ndipo pakapita masiku ochepa pamene panali mmodzi pamatuluka angapo. Tikatchetcha, m'mawa mwake dawe watalika kale kuposa kapinga. Malipiro a mnyamatayu akuchoka m'thumba mwanga, pa ntchito imene ndinakulipirani kale inu.

Zimene ndikufuna si zambiri. Abwere munthu amene amadziwadi za kapinga, osati a foromani aja, tidzayende limodzi pabwalo. Kutsogolo kumene dawe wafunga, dothi la kudambolo lichotsedwe kapena likumbidwe n'kusefedwa, malowo akonzedwe monga mwa kotesheni, ndipo mudzalenso Kikuyu mothithikana kuti atseke msanga. Pansi pa mango pazulidwe ndi manja, pasagwe mankhwala. Ngati pena pafunika kupopera, mankhwalawo abwere m'botolo lake ndiwerenge ndekha, ndipo wopoperayo avale zodzitetezera. Zonsezi pa ndalama zanu. Ngati mukuona kuti simungathe, mundibwezere ndalama ya kukonza malo ndi ya dothi, ndikapeze ena mvula isanathe, chifukwa ikangosiya mu April ndiye kuti kudzalanso kudzadalira madzi a pampopi.

Mundiyankhe pompano kapena pa nambala imene muli nayo kale pofika Lachisanu. Mukapanda kutero, Lolemba ndikukasiya kotesheni, risiti, zithunzi ndi mauthenga onse a pa WhatsApp ku bungwe loteteza ogula la Competition and Fair Trading Commission. Ndipo chonde musafufute uthengawu monga munachitira ndi funso limene ndinalemba pansi pa chithunzi chanu sabata yatha, ndaujambula kale.