Ndinawerenga ndekha manambala a khadi, ndalama za malata zapita

Okondedwa Mayi Mlangizi,

Ndikulemba nthawi ili cha m'ma 1 koloko usiku, ndili pamkeka panja chifukwa m'nyumba simukugoneka ndi kutentha. Koma tulo tinandithawa kale, lero ndi tsiku la 9. Dzina langa musalilembe, ndi mudzi womwe. Mungoti mayi wa kufupi ndi Bangula.

Andibera K870,000 pafoni, ndipo manambala ndinawawerenga ndine, ndi pakamwa pangapa.

Bambo a kunyumba ali ku Johannesburg. Anapita madzi a namondwe wa Freddy atatigwetsera nyumba kutsidya kwa Shire mu 2023, ife n'kusamukira kumtunda kuno. Akhala akutumiza pang'onopang'ono kuti tigule malata ndi simenti, njerwa tinawotcha kale. Akaunti tinatsegula m'dzina langa, ndipo nkhani inayambira pomwepo, chifukwa alamu anga, achemwali awo aakulu, ankafuna khadi izikhala ndi iwo. Ankati mkazi wochita kulowoledwa sasunga chuma cha pamudzi. Mayi amenewa ndinawabwereka ndowa yanga yatsopano mu Juni, inabwera yong'ambika, sindinayankhule kanthu. Nditagula foniyi anauza apongozi kuti ndikudya thukuta la mchimwene wawo, chonsecho ndinagula ndi ndalama zanga za chitowe. Ndikunena izi kuti mumvetse anthu amene ndikukhala nawo.

Linali Lachiwiri masana, ndikuchokera kudimba. Anaimba bambo wa mawu ofatsa, wosakaniza Chichewa ndi Chingerezi ngati anthu a m'maofesi. Ananditchula mayina onse awiri. Anati, "Mayi, ndife a ku banki, pali munthu akugula katundu pa intaneti ndi khadi yanu panopa, tikufuna tiitseke ndalama zisanathe." Mtima unangoti phwii. Ndiye anawonjeza kuti, "PIN yanu musandiuze, ife sitifunsa PIN." Mawu amenewo ndi amene anandigwetsa, Mayi. Pa wailesi amanena tsiku ndi tsiku kuti PIN osauza munthu, ine ndinasunga lamulo limenelo, ndiye ndinati wakuba sanganene choncho. Sindine chitsiru. Kutchalitchi ndimasunga ndalama za amayi zaka zinayi, sipanasowepo ngakhale K50.

Anandiuza kuti nditenge khadi ndiwerenge manambala 16 a kutsogolo, kenako mwezi ndi chaka chimene khadi idzathere, kenako manambala atatu a kumbuyo. Atatero anati kubwera uthenga wa manambala, ndiwawerenge msanga asanafe. Unabwera, ndinawerenga. Anati netiweki yavuta, ubweranso wina. Katatu konse. Pomaliza anati ndizimitse foni maola awiri kuti makina amalize kutseka, ine n'kuzimitsadi, n'kumuthokoza, mpaka kumuuza kuti Mulungu amudalitse. Pali china chimene ananena pakati pa nkhaniyo chimene chinandichititsa kuti ndisadule foni, koma chimenecho ndisiyireni.

Madzulo nditayatsa foni, mwana wanga wa Fomu 2 ndi amene anandiwerengera mauthenga aja bwinobwino. M'munsi mwa manambala aja munalembedwa m'Chingerezi kuti osauza munthu wina aliyense. Ine ndinkangoyang'ana manambala, munthu uja ali kukhutu kundifulumizitsa.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi kupita ku Nchalo, kunyumba ndinanama kuti ndikupita kuchipatala. Ku banki anatseka khadi, nandifotokozera kuti pogula zinthu pa intaneti PIN safuna, manambala ndinaperekawo ndi okwanira, ndipo uthenga uja ndiye chilolezo chomaliza. Anatinso iwo saimbira munthu kumufunsa manambala amenewo, ndipo ndikanangodula foni n'kuimba pa nambala yolembedwa kumbuyo kwa khadi. Ndinalemba fomu, anati afufuza koma sanandilonjeze kanthu. Kupolisi ndinapitanso, analemba sitetimenti. Nambala ija siikupezekanso.

Chimene sindikumvetsa, paja simu iliyonse tinalembetsa ndi chiphaso cha unzika? Nanga munthuyu sangapezeke bwanji? Mnyamata wa pa ejenti akuti amalembetsa ndi ziphaso za anthu ena, ena oti anamwalira. Nanga dzina langa analitenga kuti? M'misasa muja nthawi ya Freddy tinalembetsa mayina ndi manambala kambirimbiri, sindingakumbuke onse amene ankabwera ndi mapepala. Koma mtima wina ukundiuza za alamu aja, chifukwa sabata yomweyo anandifunsa kuti malata mugula liti. Mwina ndikuwachimwira. Koma anafunsiranji?

Tsopano chimene chikundidya kwambiri. Ndalama zija sizinali zathu zonse. K210,000 inali ya anthu ena amene anandisungitsa pondikhulupirira, ine ndinaika ku banki poopa kuti m'nyumba ya udzu ingapse kapena kubedwa. Tikuyenera kugawana mu Disembala. Sakudziwa. Ndikakumana nawo pamjigo amandipatsa moni mwansangala, ine m'mimba mukuwotcha.

Bambo a kunyumba aja amaimba Lamlungu lililonse pa WhatsApp. Lapitali anandiuza kuti ndikafunse mtengo wa malata 28, ndinangoti chabwino. Munthu amagona m'kachipinda ndi anzake anayi, amadya kamodzi kuti atumize kuno. Komanso iwowo, zaka zonsezi anandiuzapo za manambala a kumbuyo? Amene akukhala kunja ndi iwo, amadziwa zamakhadi ndi iwo. Ayi, ndisawanamizire, wolakwa ndine. Kungoti kuno mkazi akalakwa pa ndalama nkhani imafika kwa akuluakulu, ndipo ana amatsala kwa bambo. Ndili ndi ana atatu, wamng'ono ali ndi zaka zinayi.

Dzulo kwaimba wina. Akuti ndi wofufuza milandu ya pafoni, akuba aja awagwira ndipo ndalama zanga zilipo, koma nditumize K60,000 ya mapepala pa nambala imene andipatse. Akudziwa ndalama zimene zinabedwa ndendende. Ndadula foni, koma nambala ndaisunga. Mutu ukuti ndi omwe aja abweranso kudzakunkha zotsala, poti wina angadziwe bwanji? Koma ndili ndi mbuzi ziwiri m'khola, ndipo usiku wonse ndakhala ndikuwerengera kuti imodzi ingagulidwe zingati pamsika.

Ndiye ndithandizeni, Mayi. Kodi alipo wa boma kapena wa ku banki amene amayamba walipiritsa munthu kuti amubwezere ndalama zobedwa? Ngati ndi akuba omwewo, nambala yatsopanoyi ndikaipereke kupolisi kapena ku MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni lija? Zilipo ndalama zobedwa chonchi zimene zinabwererapo kwa mwini wake, kapena ndingoiwala? Amuna anga ndiwauze pafoni, kapena ndidikire adzabwere pa Khirisimasi? Ndiyambire kwa iwo kapena kwa amayi amene anandisungitsa ndalama aja? Ndipo ndikawauza, ndinene zonse, ndi zoti ndinamudalitsa munthuyo?

Chonde musachedwe kuyankha. Wachiwiri uja wati aimbanso Lachisanu.

Ine mayi wosowa mtendere,
Nsanje