Bukuli layiwala kuti nyanja yathu ilibe mchere

Akonzi,

Ndiloleni ndinenepo za buku la nkhani yopeka limene likuyenda m'manja mwa achinyamata kuno ku Nkhotakota, la asodzi atatu amene injini yawazimira pakati pa nyanja usiku wa mwera. Ndangofika mutu wachinayi, ndiye za mathero ake ndisanene. Mapemphero ake ndi ogwira mtima: Msilamu mmodzi ndi Akhristu awiri m'boti limodzi, aliyense akulirira Mwini moyo mmene adaphunzirira. Pamenepo wolemba watijambula bwino. Koma nyanjayi saidziwa.

Akuti pofika tsiku lachiwiri milomo inang'ambika ndi ludzu. Ludzu pa nyanja ya Malawi? Madzi athu munthu amangotunga n'kumwa. Chimene chimafoola msodzi mu June ndi July ndi kuzizira: zovala zonyowa, mphepo usiku wonse, zala kuuma mpaka nkhafi kupulumuka m'manja. Akutinso boti linakatsakamira ku Senga Bay. Mwera umachokera kummwera, choncho boti lofa injini pa Nkhotakota limatengeka cha ku Dwangwa. Yokankhira ku Salima ndi mpoto, ya m'dzinja.

Chandiwawa kwambiri n'chakuti atatuwo angokhala manja lende, kudikira chozizwitsa. Injini ikazima, msodzi amayamba wayang'ana paipi ya mafuta ngati yapindika kapena yazuka, kenako amamasula pulagi n'kuipukuta. Kawirikawiri vuto limakhala madzi olowa m'petulo. Zikakanika, chachikulu n'chakuti boti lisapereke nthiti ku mafunde, pakuti funde lomenya m'mbali ndilo limagubuduza. Amamangirira ndowa kapena mtolo wa ukonde ku chingwe chachitali n'kuponya m'madzi kumutu kwa boti. Chinthucho chimakoka, mutu n'kuloza kumene mphepo ikuchokera. Kukapa madzi ndi kosalekeza, mosinthana, wina akupuma atadzifunditsa pulasitiki. Chigubu cha malita 20 chopanda kanthu, chotsekedwa bwino, chimayandamitsa munthu wamkulu, koma chimangidwe pachifuwa zinthu zisanavute, chifukwa m'madzi mfundo simangika. Boti likatembenuka, kakamirani pomwepo. Ofunafuna amaona boti ali patali, pomwe mutu wa munthu m'mafunde sauona, ndipo gombe looneka ngati lili pafupi lanyenga akatswiri osambira.

Wolembayu mwina akuopa kuti anthu ake akagwira ndowa, chikhulupiriro chawo chioneka chochepa. Atsegule Machitidwe 27. Paulo anali atalonjezedwa kuti mwa anthu 276 aja palibe adzafe, komabe amalinyero anaponya anangula anayi, anataya katundu m'nyanja. Paulo yemweyo anawaumiriza kudya atakhala masiku 14 osadya bwino, ndipo osadziwa kusambira anafika kumtunda atagwira matabwa.

Ndipitiriza kuwerenga, chifukwa ndikufuna kudziwa ngati mnyamata wamng'ono wa m'nkhaniyi afike kwa amayi ake. Koma ana amene akuliwerenga ndi omwewo adzakwere maboti a ukonde wa chilimira. Ngati lidzasindikizidwenso, wolemba adzakhale m'mawa umodzi pagombe pamene alovi, antchito a m'maboti a asodzi, akutsitsa usipa, awafunse, akonze mutu wachiwiri ndi wachitatu.

Wowerenga wanu,
Nkhotakota